Amwe Ndani, Woganiziridwa Kapena Woganizira?

Malume anga anayamba ndi kukana nsima. Mudzi wathu uli m'boma la Ngauma, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, chapafupi ndi pamene njira ya ku Massangulo imapatukira pa msewu waukulu wochokera ku Mandimba kupita ku Lichinga. Akazi awo akatula mbale pamphasa, iwo ankayamba atema nthongo n'kuiponyera galu, kenako n'kumuyang'anitsitsa galuyo mpaka nsima kuzizira. Patapita milungu anasiya kumwa madzi a mumtsuko, n'kumakadzitungira okha kumtsinje mbandakucha. Usiku ankatchinga chitseko ndi mtondo, chikwanje chili kumutu. Tsiku lina nditawapatsa moni anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa chapansipansi kuti, "Mphwanga, ndiuze zoona, akulonjeza zingati?"

Kwa miyezi ingapo palibe amene anatchula za matenda, ndipo sindiimba mlandu aliyense. Zonse zimene malume ankanena ndi zimene anthu abwinobwino amanena kwathu tsiku ndi tsiku: kuti uje ali ndi kaduka chifukwa fodya wachita bwino, kuti mowa wa pamaliro sumweka mwachisawawa, kuti kadzidzi salira chabe. Nthenda imene madokotala amaitcha paranoia imabisala bwino pakati pa anthu amene amaopana kale. Imadzaonekera adani akachuluka mpaka kulowamo mkazi, ana, shehe, mfumu, ngakhale wailesi; munthu atasiya kugona, akumva mawu omujeda kuseri kwa nyumba kumene kulibe aliyense, ndipo chilichonse chimene mungamuuze pomutsutsa iye akuchitenga ngati umboni woti muli m'gulu lomwelo. Zikafika pamenepo timati wazungulira mutu. A chilankhulo cha kusukulu, Chipwitikizi, amati maluco.

Mankhwala a mantha oterewa analipo kuyambira kale, koma kwa mibadwomibadwo amene ankawamwa sanali wamanthayo.

Munthu akaima pabwalo n'kunena kuti mbale wake akumudya, mlandu unkathera pa mwavi. Mapondera ankasinja khungwa la mtengowo, n'kulisungunula m'madzi, woganiziridwayo n'kumwa anthu akuona. Akasanza ndiye kuti alibe mlandu, ndipo womunenera uja ankalipira. Akapanda kusanza ankafa, anthu n'kuti mfiti yadzigwira yokha. Pa milandu yocheperapo ankamwetsa nkhuku kapena galu m'malo mwa munthu, choncho malume poponyera galu nthongo ankangobwereza nzeru yakale osadziwa. Sindikunena kuti aliyense wonenera mnzake ufiti anali wodwala. Ambiri ankalimbirana minda, chuma chamasiye ndi ufumu, mitu yawo ili bwinobwino. Koma n'zosatheka kuti pakati pawo panalibe onga malume, ndipo kwa munthu woteroyo mwavi sunkathetsa kanthu. Mlamu akasanza, mawa mantha ankasamukira kwa apongozi.

Atsamunda a ku Nyasaland analetsa mwavi ndi lamulo la ufiti la 1911. Mbali ya kuno dziko linali m'manja mwa Companhia do Niassa, kampani imene Apwitikizi anaibwereka Niassa ndi Cabo Delgado mpaka 1929, ndipo mtima wake unali pa msonkho ndi chibalo. Mwavi unangochoka pabwalo n'kulowa m'thengo. Cha m'ma 1933 ndi 1934 kunabuka mchape. Anyamata ovala zachizungu ankayenda mudzi ndi mudzi ndi timagalasi todziyang'anira ndi mabotolo a madzi ofiirira, akunena kuti mphamvu zawo zachokera kwa Kamwende wa ku Mulanje. Mudzi wonse unkafola, aliyense n'kutula nyanga ndi zithumwa zake, n'kumwa. Mchape unafalikira ku Mozambique, ku Tanganyika ndi ku Rhodesia zonse ziwiri, ndipo wofufuza Audrey Richards anauona ndi maso ake pakati pa Abemba. Unali wachifundo kuposa mwavi chifukwa sunkapha munthu pomwepo, koma maganizo ake anali omwewo: mantha ali mwa ine, mankhwala amwe iwe. Ngakhale anthu a ku Tanganyika ndi ku Zambia amene ankakhamukira kwa sing'anga Chikanga ku Rumphi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ankapita kukafuna dzina la wowalodza kapena kukadziyeretsa pamaso pa abale.

Nanga wamanthayo akafika pogenda anthu ndi kutentha nkhokwe? Abale ankamumanga ndi luzi kapena kumutsekera mwendo m'chipika, n'kumuika kuseri kwa nyumba. Asing'anga ankamufukiza ndi kumutemera mphini. Kuno kumene Ayao ambiri ndi Asilamu, shehe ankalemba mawu opatulika pambale, n'kutsuka, wodwala n'kumwa madziwo kuti majini achoke. Amishoni a Consolata, amene anakhazikika ku Massangulo mu 1928, anabwera ndi sukulu, tchalitchi ndi mankhwala a zilonda ndi malungo, koma a mutu analibe, pakuti ngakhale kwawo ku Ulaya kunalibe.

Kutsidya kwa malire, mu 1910, boma la Nyasaland linatsegula malo osungirako amisala ku Zomba. Anali chigawo cha ndende yaikulu, ndipo owayang'anira anali asilikali a ndende. Amene ankafika kumeneko ndi amene boma linkawaona kuti ndi oopsa, makamaka amene anapha kapena kuvulaza munthu. Madokotala awiri, Shelley ndi Watson, anafufuza odwalawo n'kufalitsa zimene anapeza mu 1936, ndipo anaona kuti ambiri ankalota maso ali gwa za zinthu za Azungu: ndalama, galimoto, maudindo. Wolemba mbiri Megan Vaughan anadzabwereranso ku mapepala a malowa mu 1983. Chimene ine ndimatolapo n'chakuti misala imavala zovala za nthawi yake. Agogo ankaopa nyanga, a m'nthawi ya Shelley ankadzitcha abwanamkubwa, ndipo anyamata a lero amati wina wawaikira kachipangizo m'foni. Chipatala chenicheni cha amisala cha Zomba chinamangidwa mu 1953. Mpaka lero ukamuuza munthu wa ku Namwera kapena ku Mandimba kuti "tikutengera ku Zomba," amadziwa kuti sukunena za phiri.

Chipatalacho chinangotsala pang'ono kubadwira limodzi ndi mankhwala amene anatembenuza nkhani yonseyi. Mu Disembala 1950, Paul Charpentier wa kampani ya Rhône-Poulenc ku France anapanga chlorpromazine. Sankafuna za misala ayi. Dokotala wa opaleshoni wa asilikali apamadzi, Henri Laborit, ankafuna chokhazika odwala mtima pansi asanawang'ambe, ndipo anadabwa kuona kuti omwa mankhwalawa sankakomoka, koma ankangosiya kulabadira zimene zikuwachitikira. Anauza anzake a matenda a maganizo kuti ayese. Mu 1952 Jean Delay ndi Pierre Deniker a chipatala cha Sainte-Anne ku Paris analengeza kuti odwala amene ankakuwa ndi kubisala pansi pa bedi ayamba kudya ndi kucheza. Mankhwalawo anagulitsidwa ndi dzina loti Largactil, dzina limene anamwino akale a ku Zomba ndi ku Nampula salisowa pakamwa.

Kunena zoona, Azungu sanali oyamba kupeza mankhwala oziziritsa wamisala. Asing'anga a ku India ankagwiritsa ntchito muzu wa Rauwolfia kwa zaka mazana ambiri, ndipo mu 1952 momwemo akatswiri a ku Switzerland anatulutsa mu muzuwo mankhwala otchedwa reserpine. Asing'anga a Chiyoruba ku Nigeria nawonso ankagoneka amisala ndi mtengo wa banja lomweli. Mwimbi umene umamera m'mphepete mwa mitsinje yathu ndi mbale wake wa mitengo imeneyo. Reserpine sanakhalitse pa ntchitoyi chifukwa ankagwetsa magazi ndi kulowetsa ena m'chisoni chachikulu, ndipo muzu wosayezedwa ndi woopsa kuposa pamenepo.

Mu 1958 kampani ya Paul Janssen ku Beerse m'dziko la Belgium inapanga haloperidol. Janssen ankasimba kuti nzeruyo anaitola kwa opalasa njinga za mpikisano amene ankamwa amphetamine kuti asatope: ena ankamaliza mpikisano atasokonezeka, akuganiza kuti anthu akuwachitira chiwembu. Iye anati ngati pali mankhwala olowetsa munthu m'mantha oterowo, otsutsana nawo akhoza kumutulutsamo. Mu 1963 Arvid Carlsson wa ku Sweden anaonetsa kumene mankhwalawa amagwira. Muubongo muli timadzi totchedwa dopamine, ndipo ntchito yake ina ndi youza munthu kuti ichi n'chofunika, chitchere khutu. Tikachuluka mphamvu, chilichonse chimasanduka chizindikiro: chifuwa cha mnansi, njinga yoima pamsewu, mchere wochuluka m'ndiwo. Munthu amafunafuna tanthauzo la zonsezi, ndipo tanthauzo limene amalipeza msanga ndi loti akundisaka. Chlorpromazine ndi haloperidol amatseka pamene dopamine amalowera. Sachotsa ganizo ngati mmene amazulira dzino. Amangoliphwetsa. Tulo ndi bata zimabwera m'masiku ochepa, koma kukayikira kumafota pang'onopang'ono, milungu inayi kapena isanu ndi umodzi, ndipo wodwala amayamba ndi kunena kuti, "Anthu aja alipobe, koma sakundivutitsanso." Kunena kuti kunalibe anthu n'komwe kumabwera pambuyo, ndipo ena sanena n'komwe.

Apa ndi pamene chikho chinasinthira dzanja. Tsopano womwa anali woganizira, ndipo pomwepo panabadwa vuto limene mapondera sanakumane nalo. Woganiziridwa ankamwa mwavi mofunitsitsa kuti ayeretse dzina lake. Koma munthu amene akukhulupirira kuti mukufuna kumuthira chiphe, mumuuza bwanji kuti yasamula, meza ka m'manja mwangaka?

Ndipo mankhwalawo ali ndi zake zimene zimaoneka ngati zikuvomereza manthawo. Haloperidol amaumitsa thupi, manja n'kumanjenjemera, dovu n'kumatuluka, munthu n'kumayenda ngati wanyamula mtolo wosaoneka. Ena khosi limapindika mwadzidzidzi, maso n'kutembenukira kumwamba. Ena miyendo imawakana kukhala pansi. Akamwedwa zaka zambiri, milomo ndi lilime zikhoza kuyamba kudzigwedezera zokha. Chlorpromazine amagonetsa, amachititsa chizungulire poimirira, ndipo khungu limapsa msanga ndi dzuwa, zimene kwa mlimi wa fodya si nkhani yaing'ono. Kuuma ndi kunjenjemera kuli ndi mankhwala ake, biperiden mbali ya kuno, benzhexol kapena kuti Artane ku Malawi. Koma thupi likauma n'kutentha kwambiri nthawi imodzi, munthu n'kusokonezeka, pamenepo n'pothamangira kuchipatala usiku womwewo. M'zaka za m'ma 1960 kunabwera jakisoni wamafuta wa fluphenazine, amene ambiri amamudziwa kuti Modecate: kubaya kamodzi m'thako, mankhwala n'kumatuluka pang'onopang'ono kwa milungu iwiri mpaka inayi. Kwa anthu okhala kutali ndi chipatala, ndi kwa mabanja otopa ndi kukangana za mapiritsi m'mawa uliwonse, jakisoniyu anali mpumulo.

Zonsezi zinachedwa kufika ku Ngauma. Zipatala za amisala za Mozambique zili ku Infulene, kufupi ndi Maputo, mtunda woposa makilomita 2,000 kuchokera kuno, ndi ku Nampula, pafupifupi makilomita 500 kuchokera ku Mandimba kudzera ku Cuamba. Zomba ili pa makilomita pafupifupi 200 kuchokera ku Mandimba komweko ukadutsa pa Chiponde, ndipo chilankhulo chake n'chomveka. N'chifukwa chake mabanja a m'malire muno anazolowera kuyang'ana kumadzulo.

Ufulu utabwera mu 1975, madokotala ambiri Achipwitikizi anachoka, ndipo m'dziko lonse munatsala osafika 100. Boma la Frelimo linatenga zipatala zonse m'manja mwake, ndipo mu 1977 linadula mndandanda wa mankhwala ololedwa kuchoka pa zikwi zambiri kufika pa mazana ochepa, otchipa ndi odziwika ntchito. Chaka chomwecho bungwe la WHO linatulutsa mndandanda wake woyamba wa mankhwala ofunikira, ndipo chlorpromazine, haloperidol ndi fluphenazine analimo. Papepala zinali bwino. Koma boma lomwelo linatcha using'anga obscurantismo, zamdima, motero anthu okhawo amene ankasamalira amisala m'midzi anayamba kugwira ntchito mobisa. Kenako nkhondo ya Renamo inatentha ndi kutseketsa zipatala zing'onozing'ono mazana ambiri, njanji ya ku Nacala inaima, ndipo anthu oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi.

Makolo anati wamisala anaona nkhondo, ndipo m'zaka zimenezo mwambiwu unalibe nthabwala. Niassa ndi kumene kunali misasa ya reeducação, yosinthira anthu maganizo, monga M'telela, ndi kumene mu 1983 Operação Produção inadzatula anthu otoledwa m'misewu ya Maputo ndi Beira. Mnansi ankathadi kukunenera kwa apolisi achinsinsi a SNASP kapena kwa zigawenga. Kutsidya, m'nthawi ya Kamuzu, anthu ankayamba ayang'ana uku ndi uku asanatchule dzina la boma. Munthu wonena kuti akunditsata usiku mwina ankadwala, mwina ankanena zoona, mwina zonse ziwiri. Malume anakulira m'zaka zimenezo, ndipo adani a m'mutu mwawo ankalankhula ngati anthu a nthawi imeneyo: mindandanda ya mayina, galimoto zozima nyali, anthu olembera ena malipoti.

Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Asing'anga analoledwanso kuonekera poyera ndi bungwe lawo la AMETRAMO. Ndipo mu 1996 boma linachita chinthu chimene ndimachiona kuti n'chanzeru kuposa zonse m'mbiri imeneyi. Podziwa kuti madokotala akuluakulu a maganizo sadzakwanira m'badwo uno, linakhazikitsa gulu la ma técnico de psiquiatria, achinyamata ophunzitsidwa zaka ziwiri ndi theka kuzindikira matendawa ndi kulemba mankhwala ake. Mu 2010 analipo 66. Pofika 2014 anali 241, ndipo maboma okhala ndi chithandizochi anachoka pa 60 kufika pa 135, pamene madokotala akuluakulu a maganizo m'dziko lonse anali pafupifupi khumi okha. Vuto linatsala pa shelefu. Kafukufuku wa ku Sofala wofalitsidwa mu 2015 anapeza kuti mwa zipatala 24 zimene anayendera, zosakwana theka ndi zimene zinali ndi mtundu uliwonse wofunikira wa mankhwala a maganizo. Ndipo nthendayi imafuna kuti munthu amwe kwa chaka chathunthu kapena kuposerapo atachira kale. Wodukiza amabwerera kumene anachokera.

Maiko olemera anapitirira. Risperidone anatuluka mu 1993, olanzapine mu 1996. Saumitsa thupi kwambiri ngati akale aja, ngakhale olanzapine amanenepetsa ndipo akhoza kuyambitsa shuga, komanso pothetsa manthawo sapambana akalewo ndi patali monga mmene otsatsa ankanenera. Wopambanadi ndi clozapine, amene amathandiza ena amene mankhwala awiri alephera. Koma mu 1975 anapha anthu asanu ndi atatu ku Finland pogwetsa asilikali a m'magazi, ndipo anabwereranso pamsika pambuyo pa kafukufuku wa John Kane wa 1988 ndi lamulo loti womwa aziyezetsa magazi mlungu uliwonse m'miyezi yoyambirira. Munthu wa ku Ngauma, amene nthawi ya dzinja amawoloka mitsinje yodzaza kuti akafike kuchipatala, sangakwanitse zimenezo. Choncho kwathu nkhondo ikumenyedwabe ndi zida za 1952 ndi 1958, ndipo risperidone amapezeka makamaka m'mizinda.

Malume tinawatengera kuchipatala atamangidwa manja ndi chitenje, chinthu chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero. Técnico amene tinamupeza anali mnyamata wosaposa ine. Anayamba ndi kutiuza kuti tiwamasule. Kenako anawayeza malungo ndi magazi, n'kufunsa za chamba, za kachasu, za khunyu, ndiponso ngati akumwa ma ARV, pakuti malungo a muubongo, kachirombo, ngakhale efavirenz amene ambiri ankamwa dolutegravir asanabwere mu 2019, zonsezi zikhoza kuzunguza mutu mofananamo, ndipo chilichonse chili ndi njira yake. Malume anamufunsa kuti, "Iwe wakutuma ndani?" Mnyamatayo sanaseke, ndipo sanawauze kuti ufiti kulibe. Anati, "Bambo, za anthu amene akukusakaniwo sindingaweruze, sindinawaone. Chimene ndikuona ine n'chakuti simunagone masiku ambiri ndipo mwatha thupi. Tiyambe ndi tulo." Anawapatsa mapiritsi ali m'pepala lake losatsegula, kuti aboole okha.

Ine ndinamukokera pambali n'kumufunsa ngati sitingamangowasinjira m'phala. Anapukusa mutu. "Achimwene, munthuyu akuti mukumuthirira mankhwala m'chakudya. Mukatero ndiye kuti wanena zoona. Tsiku limene adzamve kuwawa m'phalamo, sadzadyanso cha m'nyumba mwanu, ndipo kuno sadzabweranso."

Tsiku lachitatu khosi la malume linapindikira kumanzere, lilime kunja. Mudzi wonse unati afiti abwezera, ndipo ena anayamba kale kutchula mayina. Tinawakweza pa njinga yamoto. Mnyamata uja anawapatsa biperiden, khosi linamasuka tisananyamuke, ndipo anachepetsa mlingo wa haloperidol n'kupepesa kuti sanatichenjeze mokwanira. Ndikuganiza kuti kupepesako ndi kumene kunawagwira mtima malume, chifukwa m'nkhani zonse za m'mutu mwawo munalibe mdani wopepesa. Patapita miyezi anavomera okha jakisoni wa pamwezi, ati kuwerenga mapiritsi kukuwatopetsa. Kwa shehe sanasiye kupita, ndipo técnico sanawaletse. Anangopempha kuti tsiku la jakisoni lisaphonyedwe.

Sanabwerere kukhala munthu wanthabwala uja tinkamudziwa. Amayenda mwapang'onopang'ono, dzanja lamanja limanjenjemera akagwira kapu, ndipo za anthu aja ukawafunsa amangoti, "Anatopa nane." Koma analimanso fodya, ndipo mtondo unabwerera pamalo pake. Ndinafunsa akazi awo kuti anadziwa liti kuti zinthu zasintha. Anati linali tsiku wamba, ndiwo zake nkhwani. Anatula mbale, galu anabwera n'kukhala pamalo pake pa masiku onse, akugwedeza mchira. Malume anasamba m'manja, anatema nthongo, anaisunsa, n'kudya. Galu anadikira mpaka mbale kuyera, kenako ananyamuka n'kupita kukagona pansi pa nkhokwe.